Odi pa Chitseko cha Boyila

Ndakuonani m'mawa uja, inu atsikana obwera dzana, mukutsinana kuseri kwa mabedishiti chifukwa bambo a Mwandida, amuna anga, munthu wa imvi zake, anagwada pamaso pa chitsulo n'kunena kuti "Odi!" ngati afika pakhomo pa eni. Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma poti magetsi atithawa ndipo zochapazi sizipita kulikonse, senderani kuno pafupi ndi mbaula, ndikuuzeni za tsiku limene ndinatsala pang'ono kukhala namfedwa m'chipatala mommuno.

Boyila mukuionayo ndi yakale kuposa ine. Anaibweretsa azungu a mishoni, ndipo imamwa dizilo. Ndiyo imatipatsa madzi otentha kochapira kuno, ndiyonso imatumiza nthunzi ku fiyeta kumene amaphika mipeni ndi masizasi asanang'ambe munthu. Ikazima, chipatala chonse chimagwira njakata. Amene ankaiyang'anira kuyambira kalekale anali apongozi anga, a Khuliwa akuluakulu, bambo awo a amuna angawa.

Nkhope ya apongozi angawo sindinganene kuti ndinaidziwa. Kwathu mkazi sayang'ana apongozi ake kumaso. Ndikakumana nawo panjira ndinkapatukira kumbali, n'kugwada, maso pansi mpaka adutse. Choncho ine ndinkawadziwa ndi majombo awo, odula pamwamba, la kumanzere lili ndi chigamba chofiira cha chubu cha njinga. Ndinkawadziwanso ndi fungo, fodya wa chingambwe wosakanikirana ndi dizilo.

Anali munthu wosayankhulayankhula, ndipo anali ndi kachitidwe kake. M'mawa asanayatse moto, ndiponso boyila ikazima yokha, ankazimitsa magetsi, kutseka mpopi wa mafuta, n'kugwada pa kachitseko ka ng'anjo kaja. Ankagogoda n'kunena kuti, "Odi, agogo!" Akadikira pang'ono ankatsegula, kununkhiza, kenako kupisamo kandodo komanga kansanza kobiriwira kunsonga. Ankasisita pansi pa ng'anjoyo, kukatulutsa, kukayang'ana, kukanunkhizanso. Akatero m'pamene ankayatsa.

Pakamwa pa anthu a pano mukupadziwa. Munthu wabwinobwino angalankhule ndi chitsulo? Muli kanthu m'menemo, ankatero. Ena anafika ponena kuti anasungamo mwana wa mlongo wawo amene anamwalira kale, kuti aziwakolezera moto. Atamwalira a Khuliwa, manong'onong'owo anamveka ngakhale pamaliro penipeni, anthu nyemba zili m'kamwa.

Amuna anga zinawapweteka kwambiri. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo makani awo mukuwadziwa, akati ayi ndi ayi mpaka mbuzi zibwere kudambo. Atapatsidwa ntchito ya bambo awo, popeza ankawathandiza nthawi zina, anaitana akulu anzawo kudzapemphera m'chipinda cha boyila. Kandodo kaja anakathyola n'kukataya kudzala.

"Za odi zatha," anandiuza madzulo ake. "Boyila ndi makina. Anthu asadzanenenso kuti kwa Khuliwa amagwadira chitsulo."

"Nanga zija ankanena bambo za batani lofiira?" ndinawafunsa.

"Zomwezo ndi zomwezo."

Batani limenelo mukulidziwa, lili pa makina opopera mafuta aja. Makinawo amapopera dizilo m'ng'anjo ngati kankhungu, ndipo pali tinyanga tiwiri tachitsulo timene timathetheka moto kuti dizilo agwire. Palinso kadiso kamene kamayang'ana lawi. Kakaona kuti moto sunagwire, kamaimitsa zonse n'kuyatsa kanyale kofiira, ndipo munthu amadina batanilo kuti makina ayesenso. Apongozi anga mawu awo anali amodzi: "Batani kamodzi. Ikakana, usadinenso usanapemphe odi." Chifukwa chake sanachinene. Amuna a kale aja ankaphunzitsa ndi manja, pakamwa ali tseke.

Chifukwacho ndikuuzirenitu, kuti mtima wanu ukhale m'mwamba monga umakhalira wanga ndikakumbuka. Ukadina batani moto osagwira, dizilo amene wapoperedwayo sabwerera. Amagwera pansi pa ng'anjo n'kukhala pomwepo. Ukadinanso, wina awonjezereka. Tsiku limene moto udzagwire, udzagwira yenseyo nthawi imodzi, ndipo amene waima pa batani amaima moyang'anizana ndi chitseko. Ife tonse sitinkadziwa zimenezi.

Miyezi inapita bwinobwino, amuna anga n'kumayenda chifuwa patsogolo. Kenako kunabwera chiperoni cha chaka chimenecho. Ine ndinabadwira kuno kumunsi kwa phiri, koma nkhungu ngati imeneyo sindinaionepo. Inatsika mwakachetechete n'kukhala. Phiri linasowa, minda ya tiyi inasowa, ngakhale belu la tchalitchi linkamveka ngati likulira pansi pa madzi. Zochapa zinkakana kuuma, choncho tinkaziyanika m'kati muno, mzere pamwamba pa mzere, moti munthu ankayenda pakati pa nsalu zoyera osaona mnzake, kungomva mawu. Masiku amenewo sindinkadziwa bwino ngati ndadzuka kapena ndikadali m'tulo.

M'masiku omwewo ndinayamba kumva fungo la chingambwe pakhomo pa boyila. Amuna anga sasuta, alonda a nthawi imeneyo sankasutanso. Fungolo linkabwera pang'ono, ngati munthu wangodutsa kumene, ukatembenuka palibe. Sindinachite mantha. Linkangondikumbutsa kuti ndiwerame.

Kenako boyila inasintha mawu. Kale inkang'ung'udza mofatsa, liwu limodzi tsiku lonse, moti Abiti Sumani, mnzanga wochapa naye, ankaimbirapo nyimbo zake. Tsopano inayamba kutsokomola poyaka, ndipo pa mabedishiti oyera tinkapeza timadontho ta mwaye. Madzulo ikazima tinkamva kugogoda m'kati mwake, go, go, go.

"Ndi chitsulo chikuzizira," anatero amuna anga.

"Chitsulo chimazizira mwaulemu chonchi?" anafunsa Abiti Sumani. Iwo anangomuyang'ana ndi diso la mkulu wa mpingo.

M'mawa wina amuna anga anapeza kandodo katatsamira pambali pa chitseko cha ng'anjo, kansanza kobiriwira katamangidwa kunsonga. Anakalipa kuti wina akuwachita chipongwe, n'kukataya. Mawa lake kanalinso pomwepo. Ine ndinakayang'anitsitsa, ndipo mfundo yake ndinaidziwa, yopinda kawiri n'kusiya kamchira. Apongozi anga ankamanga choncho ngakhale thumba la chimanga. Ndinasunga pakamwa, chifukwa m'nyumba mwathu nkhani imeneyi inali ngati chilonda.

Tsiku lenilenilo boyila inakaniratu. Amuna anga anadina batani. Makina anang'ung'udza kanthawi, kenako thi, kanyale kofiira. Anadinanso, chimodzimodzi. Anadinanso. Ine ndinali kuseri kwa nsalu ndikumva.

Dzuwa sitinalione, koma nthawi ya phala itakwana anabwera a Metroni, mayi wa ku Rumphi, wamtali, wosadziwa kuseka pa ntchito.

"A Khuliwa, nthunzi ili kuti? Ku mateniti kuli mayi amene mwana wagona mopingasa. Adokotala akufuna zipangizo."

"Iyaka posachedwa, mayi."

Ndipo poti ndife anthu othandizana, aliyense wodutsa ankathandiza. Mlonda anadina. Wa kukhitchini anadina. Abiti Sumani anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti, "Tapatukani, mwina dzanja langa ndi lamwayi," nayenso n'kudina. Tinkaseka, inu, kuseka ndithu.

Musaganize kuti amuna anga ndi mbuli pa ntchito. Ataona kuti batani silikuthandiza, anayamba kufufuza chimodzichimodzi, ine nditawagwirira tochi. Anaona m'thanki, mafuta analimo. Anamasula sefa n'kuitsuka. Anatulutsa mpweya m'paipi mpaka dizilo anatuluka woyera wopanda thovu. Anapukuta kadiso kaja. Kenako anatsegula makinawo kumbuyo n'kusolola tinyanga tija, ndipo apo m'pamene panali vuto. Tinyangato tinali titakutidwa ndi mwaye bii, moti sitikanathetheka moto ngakhale pang'ono.

"Wakuba uja ndamugwira," anatero, akumwetulira koyamba tsiku limenelo.

Anapala tinyangato mpaka tinawala, n'kutibwezera. Pali mawaya awiri onenepa amene amapereka magetsi ku tinyangato. Ndinaona ndi maso angawa akuwalumikiza onse awiri, n'kuwakoka kuti aone ngati agwira. Chinatsala n'kumanga kanati kamodzi ka paipi ya mafuta. Anatambasula dzanja pa msomali pamene pamakhala kasipanala kakang'ono, koma panalibe. Tinafunafuna pansi, m'matumba, paliponse. Kasipanala kamene anali nako m'manja posakhalitsa kanangosowa.

"Mayi a Mwandida, thamangani kunyumba. M'bokosi la malemu muli kena."

Kwathu n'kuseri kwa munda wa tiyi uko, ndipo njira yake ndikhoza kuyenda nditatsinzina. Koma masana amenewo inali ngati njira ya kwina. Nkhungu inali mbee, moti ndinkangoona mapazi anga ndi timasamba ta tiyi tonyowa m'mbali. Kunalibe mbalame, kunalibe galu, ngakhale mapazi anga sankamveka. Ndinkayenda mopepuka ngati munthu wonyamulidwa, ndipo changu chonse chinandichoka. Sindikudziwa kuti ndinayenda nthawi yaitali bwanji.

Kenako kutsogolo ndinamva kwapu, kwapu, kwapu. Majombo.

Thupi limakumbuka zimene mutu waiwala. Ndisanaganize kanthu, ndinali nditapatuka kale, nditagwada pa udzu, maso pansi. Majombowo anafika n'kuima patsogolo panga. Anali odula pamwamba, la kumanzere lili ndi chigamba chofiira. Dziko lonse linali chinyontho chokhachokha, koma iwo anali ouma, ali ndi fumbi la m'chilimwe. Panali kafungo ka fodya, ndi kutenthera pang'ono ngati wakhala pafupi ndi moto wa makala.

"Mayi a Mwandida."

"Wawa," ndinayankha, ndikuwomba m'manja.

"Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, bambo?"

"Ine ndaswera ndili chiimire." Mawuwo anali ofatsa monga kale, koma ankamveka ngati akuchokera patali ndi majombowo. "Agogo aja amwa kwambiri lero. Mimba yadzaza. Mukamuuze mwana uja kuti pakhomo pa eni salowa osapempha odi."

"Ndamva, bambo."

"Mufulumireko pang'ono, mayi. Dzanjali latopa. Sindigwira nthawi yaitali."

Majombo anatembenuka n'kulowera ku chipatala, kwapu, kwapu, mpaka zii. Ine ndinakhalabe chogwada, mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti apongozi anga ayankhula mawu ambiri lero kuposa masiku onse. Ndinayang'ana pamatope pamene anaima. Panalibe phazi. M'pamene ndinakumbuka kuti pamaliro awo ndine ndinkatunga madzi.

Za kasipanala ndinaiwala. Ndinakwinya chitenje n'kuthamanga, ndipo ndisanafike pampanda ndinamva makina akung'ung'udza. Ndinawonjezera liwiro. Kenako thi, chete. Amuna anga anali atatopa kudikira n'kumanga kanati kaja ndi pulayala.

Ndinawapeza thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira chotero, a Metroni ataima kumbuyo kwawo, Abiti Sumani pakhomo. Chala chinali chikupitanso pa batani. Ine amene sindinawagwirepo pamaso pa anthu chikwatiwire, ndinawagwira mkono ndi manja onse awiri.

"Bambo a Mwandida, musadine."

"Mwapenga? Kasipanala kali kuti?"

"Ndakumana ndi bambo panjira."

Nkhope ya amuna anga inada.

"Nanunso? Nanunso, mkazi wanga, mukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa a Metroni? Tinyanga ndakonza. Pano iyaka. Chokani."

Ndinaima pakati pa iwo ndi batanilo, msana wanga utatsamira chitsulo chozizira.

"Dinani ndili pompano," ndinatero. "Tipitire limodzi. Mwandida akaleredwe ndi anthu."

A Metroni za mizimu sankazifuna n'komwe, koma mphuno anali nayo. Anakweza mutu n'kununkhiza.

"A Khuliwa, za kunyumba kwanu sizindikhudza. Koma dizilo akununkha kwambiri muno. Tatsegulani tione."

"Kutsegula nditsegula," anatero amuna anga mokwiya. "Koma odi ayi."

Anazimitsa magetsi, n'kutseka mpopi wa mafuta. Tsono kachitseko kaja mwakaona, kali m'munsi. Ngakhale bishopu atabwera, sangakatsegule osagwada. Anagwada. Atangoika dzanja pa chogwirira, m'kati munamveka go, go, go, pang'onopang'ono, mwaulemu. Boyila imeneyo inali isanayake chiyambire dzulo lake, panalibe choti chizizire. Tonse tinamva, ngakhale a Metroni anabwerera m'mbuyo.

Amuna anga anauma. Kenako mkulu wa mpingo uja anayankhula ndi liwu limene sindinalimvepo, liwu la mwana amene wachedwa kubwera kunyumba.

"Odi, bambo."

Palibe chinayankha. Koma nsalu zimene tinayanika pakhomo zinagwedezeka pang'ono popanda mphepo, ndipo kafungo ka fodya kanadutsa pakati pathu n'kutuluka.

Anatsegula. Dizilo anayenderera pa mlomo wa chitseko n'kuwanyowetsa mawondo. Nditaunika ndi tochi, pansi ponse pa ng'anjo pankanyezimira ngati chithaphwi. Pambali pa bondo lawo panali kandodo kaja, ngakhale m'mawa anali atakataya. Anakatola n'kukapisa. Kansanza kanatuluka kakudontha.

Atatsegulanso makina kumbuyo kuti aone chimene chinaletsa tinyanga toyerato kuthetheka, anapeza waya mmodzi mwa awiri aja atachotsedwa, atakokeredwa pambali, atamangidwa ndi kansanza kobiriwira. Mfundo yake inali yopinda kawiri, yosiya kamchira. Ndipo inali itayamba kumasuka, moti nsonga ya wayayo inatsala pang'ono kukhudza pamalo pake. Amuna anga anaigwira n'kundiuza kuti ndigwirenso. M'chipinda monse munali mozizira ngati m'mtsuko, koma nsonga imeneyo inali yofunda, monga chimakhalira chinthu chimene munthu wachifumbata nthawi yaitali.

Mayi wa ku mateniti uja anamutengera ku chipatala cha boma pa ambulansi, ndipo anachira bwino, mwana wamkazi. Ife tinakhala masiku tikuchapa ndi madzi a pankhuni. Amuna anga anakapa dizilo yense ndi nsanza, anachotsa njerwa zimene zinamwa mafuta, n'kusiya chitseko chotsegula kuti muume. A Metroni anaitanitsa makaniko wa ku Limbe, amene anabwera ndi nozo yatsopano, kamphuno kopopera mafuta kaja, ndi chipangizo chake choyezera utsi. Atamva kuti batani linadinidwa ndi chipatala chonse, anagwira pakamwa.

"Achimwene, ikanayaka, chitseko ichi akanakachitola m'munda wa tiyi. Inuyo sindikudziwa kuti akanakutolani kuti."

Tsiku loyatsa anagwira ntchito limodzi. Poyamba lawi linali lofiirira, lautsi kunsonga. Makaniko ankatsegulira mpweya pang'onopang'ono, kuyeza, kudikira, amuna anga akusuzumira pa kabowo. Atapitirira, lawi linayera kwambiri n'kuyamba kulira mokalipa, choncho anabwezako pang'ono. Pomaliza linakhala lachikasu chowala, lokhazikika, ndipo pa chumuni panalibe utsi wooneka. Boyila inabwerera ku liwu lake lakale lija, Abiti Sumani n'kuyambiranso nyimbo. Madzulo omwewo nkhungu inanyamuka, phiri n'kuonekanso. Kasipanala kaja tinakapeza pa msomali pake.

Kuyambira pamenepo fungo la fodya silinabwerenso. Kugogoda kunatha. Ndayenda njira ya m'tiyi ija pa chiperoni chilichonse, nthawi zina mwadala, koma sindinakumanenso ndi majombo.

Amuna anga amachita zonse monga ankachitira bambo awo, ndipo aliyense wofuna kumva amamuuza chifukwa chake, kuti wina asadzatayenso kandodo. Koma pali chimodzi chimene ndinaona. Apongozi anga akagogoda ankadikira pang'ono chabe. Awa amadikira nthawi yaitali, khutu lili pafupi ndi chitsulo. Tsiku lina ndinawafunsa, mwanthabwala, ngati mawondo sawawawa.

Anayankha kuti, "Anthu atawanena bambo pamaliro paja, ine ndinakhala mbali ya anthuwo. Koma bambowo anabwera kudzandigwirira waya tsiku lija. Ndimati mwina tsiku lina agogodanso, ndiwathokoze."

Zaka zapita, sanagogodenso. Ndiye mawa mukawaona atagwada paja, kuseka sekani ngati mukufuna, koma mukasekere kutali, ndipo zidebe muziike pansi pang'onopang'ono. Amakhala akumvetsera.